Pyrrolysine, amino acid ya nambala 22, ndi ntchito yake mu labotale

Kusukulu timaloweza kuti mapuloteni amamangidwa ndi ma amino acid 20. Pali ina iwiri imene selo limatha kulowetsa pomanga puloteni: selenocysteine ndi pyrrolysine. Yachiwiriyi inapezeka mu 2002 ku Ohio State University, m'magulu a Joseph Krzycki ndi Michael Chan, m'kachamoyo kotchedwa Methanosarcina barkeri, ka gulu la archaea, kamene kamatulutsa mpweya wa methane. Kachamoyoka kamaipanga kuchokera ku ma lysine awiri, ndipo kamaiika pa codon (zilembo zitatu za uthenga wa jini) ya UAG, yomwe m'zamoyo zambiri imalamula ribosome, makina omanga puloteni, kuti iime.

Ofufuza ambiri sagwira pyrrolysine yeniyeniyo. Amabwereka zida ziwiri zimene zimainyamula: enzyme ya PylRS, yomwe imamangirira amino acid pa tRNA, ndi tRNA yakeyo, kamolekyulu kamene kamawerenga UAG n'kupereka amino acidyo ku ribosome. Zikaikidwa mu E. coli kapena m'maselo a nyama, sizisokonezana ndi zida za selolo. Komanso PylRS siisankha kwambiri. Ngakhale isanasinthidwe n'komwe, imalandira Boc-lysine, amino acid yachilendo yopangidwa mu labotale, ndipo ikasinthidwa pang'ono imalandira zina. Mu 2008 gulu la Jason Chin ku Cambridge linaisintha kuti iziika acetyl-lysine pamalo amodzi osankhidwa, njira imene yathandiza kwambiri pophunzira ma histone, mapuloteni omwe DNA imakulungidwapo.

Kachitidwe kake nkotere. Mu jini ya puloteni yanu, sinthani codon ya malo omwe mukufuna ikhale TAG, momwe UAG imalembedwera mu DNA. Jiniyo ikhale pa plasmid (kamkombero ka DNA) imodzi, ndipo plasmid yachiwiri inyamule pylS ndi pylT, majini a PylRS ndi tRNA yake. Amino acid yachilendoyo ithireni m'chakudya cha mabakiteriya, kawirikawiri 1 mM, musanadzutse jiniyo. Ngati mwaisungunula mu NaOH, yang'anani pH mukathira.

Vuto lalikulu ndi release factor 1, kapena RF1, puloteni ya E. coli yoimitsa ribosome. Nayonso imawerenga UAG, ndipo ikafika tRNA isanafike, puloteni imadukira pomwepo. N'chifukwa chake His-tag, kamchira komatirira ku nickel posefa puloteni, iyenera kukhala kumapeto kwa C, mbali yomalizira kumangidwa. Ikakhala koyambirira, nickel idzagwira zoduka ndi zathunthu zomwe. Kuika TAG ziwiri kapena zitatu mu jini imodzi kumagwetseratu zokolola. Zikatero ena amasamukira ku E. coli ya C321.ΔA ya mu 2013, momwe ma codon onse 321 a UAG anasinthidwa kukhala UAA, codon ina yoimitsa, ndipo RF1 inachotsedwa, ngakhale imakula mochedwerapo.

Botolo lopanda amino acid yachilendo musalisiye, ngakhale nthawi ichepe bwanji. Puloteni yathunthu ikatulukamo yambiri, ndiye kuti china, monga glutamine, chikulowa pa TAG paja. Mzere wa pa gel sungakuuzeni chimene chalowa. Mass spectrometry, njira yoyezera kulemera kwa mamolekyulu, ndiyo imatsimikiza. Ndi nzeru kuyamba ndi GFP, puloteni yowala mobiriwira, yokhala ndi TAG, poti kuwala kwake kumaonetsa msanga ngati zidazo zikugwira.

Acetyl-lysine ili ndi msampha wake. E. coli ili ndi enzyme ya CobB yomwe imachotsa acetyl, choncho puloteni imatuluka yathunthu koma ili ndi lysine wamba. Nicotinamide wa 20 mM amailetsa. PylRS ya Methanosarcina nayo ili ndi mbali yoyambirira yosasungunuka bwino. Ya Methanomethylophilus alvus ilibe mbaliyo, ndipo ndi yabwino kuiyesa zokolola zikakana kukwera.