Mita Inkadya Mayunitsi Dzuwa Likuswa Mtengo

Kuno ku Mangochi magetsi akathima nyengo yotentha, chambo cha m'firiji sichidikira munthu. Ndinazionera ndekha mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kawiri konse mayi a kunyumba anakazinga usiku nsomba zimene timafuna kugulitsa zaziwisi. Ndalama za sola ndinayamba kusunga chaka chomwecho.

Ndisanagule kalikonse, ndinakhala pakhonde ndi kope la mwana wanga n'kulemba chilichonse chodya magetsi m'nyumba. Firiji ya nsomba, mafani awiri, mababu, TV ndi mafoni, zonse pamodzi zinkadya mayunitsi anayi patsiku, ndipo oposa theka anali a usiku. Simbi ndi hotipuleti ndinaziika pambali. Kuwerengera kumeneku musakudumphe, chifukwa wogulitsa amakufunsani ndalama zimene muli nazo, osati zimene nyumba yanu imadya.

Mapanelo sanavute. Kuno tili kum'mwera kwa dziko lapansi, choncho amayang'ana kumpoto, atapendekeka pang'ono, madigiri 15 kapena kuyandikira pamenepo. Fumbi ndi zitosi za mbalame ndimatsuka m'mamawa galasi lisanatenthe.

Mabatire ndiwo anandidyera ndalama. Ndinagula a gel awiri, lililonse la 12V 200Ah, poti anali otchipirapo. Papepala awiriwo amasunga mayunitsi 4.8, koma batire la mtundu umenewu sulikama kupitirira theka ngati ukufuna likhalitse, ndiye kwenikweni ndinali ndi 2.4. Vuto lina linali kutentha. Mabatirewa amafuna madigiri 25, ndipo malo akatentha kuposa pamenepo ndi madigiri 10, moyo wake umafupika ndi theka. Ine ndinawaika m'kachipinda ka malata kopanda zenera, komwe mu Okutobala ngakhale mphaka salowamo. Sipanathe zaka ziwiri, fani inayamba kuima tambala woyamba asanalire. Pano ndili ndi la lithium, mtundu wa LiFePO4, la 25.6V 200Ah. Limasunga mayunitsi oposa asanu pang'ono ndipo ndimagwiritsa ntchito oposa anayi popanda kuliwononga. Mtengo wake unandigwetsa mphwayi, koma ndikaphatikiza ndi za gel zija, kutchipa kunandidulira. Nalonso silikonda kutentha, moti ndinalisamutsira m'kakhonde ka m'kati momwe mumapita mphepo.

Tsopano nkhani ya mita. Waya wa ESCOM sindinaudule, chifukwa nthawi ya mvula mitambo imatha kuphimba dzuwa masiku angapo. Inivata yanga, chipangizo chosandutsa magetsi a mapanelo ndi a batire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba, ndi ya hybrid, yotenga magetsi ku mapanelo, ku batire ndi ku waya womwe. Mnyamata amene anandilumikizira poyamba, wodziwika pamsika koma wopanda pepala lililonse, anandiuza kuti magetsi otsala masana azibwerera ku waya ndipo mayunitsi azichuluka. Ndinasangalala. Patatha sabata ndinaona kuti mayunitsi akutha msanga kuposa kale. Tsiku lina masana ndinazimitsa zonse m'nyumba n'kuima pa mita: kanyali kofiira kankangophethira, manambala akutsika.

Ndinakaitana mmisiri wina, wokhala ndi chiphaso cha MERA. Atayang'ana anaseka. "Achimwene, mita iyi siidziwa kuti magetsi akulowa kapena akutuluka. Ikangoona akudutsa, imadula mayunitsi. Mukulipira magetsi anu omwe." Mamita ambiri olipiriratu ndi otero. Anamangirira kachipangizo koyeza magetsi odutsa, kotchedwa CT, pa waya wochokera ku mita, n'kutchera inivata pa zero export kuti isamatulutse kanthu kunja kwa nyumba. Anaikanso zotetezera ku mphenzi ndi chitsulo cha earth, zimene mnzake uja sanaziganizire n'komwe. Ntchito yonse inatha Swala ya Asr isanaitanidwe.

Nditamufotokozera mphwanga amene ali kunja, anati nkhondo ya mita ili ponseponse. Ku California, kuyambira mu Epulo 2023, ndalama zimene eni sola atsopano amalandira pa magetsi obweza ku waya anazitsitsa kwambiri, ndipo ambiri kumeneko akuthamangira mabatire. Ndinamuyankha kuti iwo bola amalandirako kenakake, ine ndinkachita kuwonjezera zanga.

Batire likadzaza cha m'ma 11 koloko, mapanelo amangokhala, magetsi alibe kopita. Ndiye simbi ija ndinaiika pambali inabwerera. Mayi a kunyumba amasita masana, mpunga amaphikanso nthawi yomweyo, ndipo firiji timaitchera kuti iumitse nsomba gwa dzuwa lisanapendeke. Tokeni yomaliza ndinaigula mvula isanathe, ndipo dzulo mita imaonetsa kuti mayunitsi 11 akadalipo.