Ku Kyoto sakukalipirani koma akukuonani

Anthu ambiri akamakonza ulendo wa ku Kyoto amangoganiza zithunzi basi, mageti ofiira aja a ku Fushimi Inari ndi kachisi wagolide wa Kinkaku-ji. Palibe vuto, koma dziwani kuti mzindawu unakhala likulu la Japan kuyambira mu 794 kwa zaka zoposa 1,000 ndipo eni ake nkhani ya khalidwe saitenga mwachibwana, ndiye chovuta nchakuti mukalakwitsa kawirikawiri palibe amene akuuzeni, angomwetulira nkukhala chete inu nkumaona ngati zili bhobho.

Nsapato valani zosavuta kuvula, masokosi akhale osabooka chonde, chifukwa ku kachisi wa Sanjusangendo komwe kuli ziboliboli 1,001 za Kannon, mwini chifundo m'chipembedzo cha Chibuda, mumalowa mutavula ndipo mkatimo kujambula nkoletsedwa. Pa tatami, mphasa zawo zija, ngakhale silipasi sapondapo. Kutoileti kumakhala masilipasi akeake, amathera pakhomo pomwepo.

Pena pamasokoneza ndi pa malo opempherera. Ku malo a Shinto, chipembedzo cha makolo cha ku Japan, ngati Yasaka mumayamba mwasamba m'manja pachitsime cha polowera, kenako kuwerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, kuweramanso kamodzi. Ku kachisi wa Chibuda ngati Kiyomizu-dera saomba ayi, amangogwirizanitsa manja mwakachetechete. Ngati chikhulupiriro chanu sichilola ingoimani pambali, palibe akukakamizeni.

Koma nkhani yaikulu ndi ya ku Gion, dera lakale la mumzindawu. Alendo anafika powonjeza, kumathamangitsa ma geiko (akazi osangalatsa alendo ndi magule ndi nyimbo zachikhalidwe) ndi ma maiko (atsikana omwe akuphunzira ntchitoyi) ndi makamera, ena mpaka kukoka kimono, chovala chawo chachikhalidwe, pomwe munthuyo akuthamangira kuntchito. Mu 2019 eni dera analetsa kujambula m'tinjira ta eni, chindapusa chake 10,000 yen, ndipo mu 2024 anayamba kuletseratu alendo kulowa m'tinjira tina. Ine sindikuwada nkomwe, munthu sungamatsekeredwe njira pakhomo pako tsiku ndi tsiku chifukwa wina akufuna kudyera pa Instagram. Msewu waukulu wa Hanamikoji mutha kuyenda, koma mukakumana ndi maiko mpatseni njira adutse.

M'basi mumakwerera khomo lakumbuyo nkulipira potsika kutsogolo, ndipo foni osayankha, si minibasi yakwathu yomwe munthu amakambirana za ngongole tonse tikumva. Ku msika wa Nishiki idyerani pomwe mwagulapo osati mukuyenda, zinyalala sungani m'chikwama poti mabini ndi osowa. Timitengo todyera tija osatizika chilili mu mpunga, zimenezo amachitira womwalira. Tipu sapereka, mukasiya chenji patebulo akuthamangirani nayo kunja.

Chiyankhulo musadzivutitse nacho kwambiri. Sumimasen imagwira paliponse, popepesa, poitana woperekera zakudya, popempha njira. Musanadye itadakimasu, mukamaliza gochisousama deshita. Arigatou gozaimasu ndiye zikomo waulemu, koma ku Kyoto mumvanso ookini makamaka kwa agogo a m'timashopu takale, ndipo polowa akakulandirani ndi oideyasu safuna yankho, kungoweramitsa mutu pang'ono kwakwana.