Makoswe a Kamin ndi nyali imene sinapeze chakudya

Lachiwiri usiku magetsi atathima ndinatseka laputopu, n'kutenga kope ndi bolopeni. Apa m'pamene delta rule, lamulo la masamu lophunzitsira neural network (pulogalamu ya kompyuta yotsanzira ubongo) pokonza kulakwa kwake, inalowa m'mutu mwanga, patatha miyezi itatu ndikuiloweza ngati vesi koma osamva chimene ikunena.

Kwa amene simuli pa kosi yathu ya ma neural network: weight ndi nambala yosonyeza kulimba kwa mgwirizano wa zinthu ziwiri mu network, ndipo kuphunzira ndi kusintha nambalayo. Chinandimasula ndi makoswe a katswiri wa psychology Leon Kamin, a kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Khoswe amamva phokoso kenako shoko yamagetsi, kambirimbiri, mpaka phokosolo lokha limamuopsa. Kenako phokoso limabwera limodzi ndi nyali, shoko n'kutsatira monga kale. Ukadzayatsa nyali yokha, khosweyo sachita mantha kwenikweni, zimene amazitcha blocking. Ine ndinkangoti zinthu ziwiri zikachitikira limodzi ubongo umazimanga mtolo umodzi, monga mmene ndinamvera mfundo ya katswiri wina, Donald Hebb, ya mu 1949. Ndiye nyaliyi inalakwa chiyani?

Ndinawerengera pamanja, ndi tochi ya foni. Learning rate (kukula kwa sitepe yosinthira weight) ndi 0.2, shoko ndi 1, ndipo ulendo uliwonse weight imawonjezeka ndi 0.2 kuchulukitsa kusiyana kwa chachitika ndi choyembekezeredwa. Weight ya phokoso ikuchoka pa 0 kufika 0.2, kenako 0.36, kenako 0.488. Pofika ulendo wa 20 ili pa 0.988. Tsopano onjezani nyali. Network ikuyembekezera 0.988, chachitika ndi 1, kusiyana kwake ndi 0.012 basi. Muchulukitse ndi 0.2, nyali ikulandira 0.002. Yafika pamphasa nsima itatha, phokoso linadya yonse kalekale! Ndinadzuka n'kumazungulira m'chipinda, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa kuno ku Mangochi, ndikungobwereza kuti chimene chimaphunzitsa ndi kudabwa. Ukayembekezera chinthu n'kuchitikadi, palibe chosintha.

Rescorla ndi Wagner analemba zimenezi mu 1972, ndipo masamu ake amafanana ndi a Widrow ndi Hoff a mu 1960. Ngakhale backpropagation ya Rumelhart, Hinton ndi Williams ya mu 1986, njira yophunzitsira network ya magawo (ma layer) ambiri imene inkandiwawitsa mutu, tsopano ndikuiona ngati kutenga kulakwa komweko n'kubwerera nako m'mbuyo, layer iliyonse ya m'kati kulandira gawo lake la mlandu.

M'mawa mwake ndinakumbuka amalume anga, asodzi a usipa cha ku Makawa. Iwo amadziwa kuti mwezi ukakhala mumdima usipa umabwera ku nyali. Mnyamata wina wa m'boti mwawo anayesa kuwauza kuti palinso chizindikiro china, cha mbalame zimene zimaoneka madzulo, koma amalume sanamve n'komwe. Ankamva bwanji, mwezi ukufotokoza kale zonse? Tsiku lomwe anabwerako chimanjamanja mwezi uli mumdima ndi lomwe anayamba kufunsa za mbalamezo. Blocking ya Kamin ndi imeneyi, yapanyanja.

Ndikunenetsa, aliyense asanatsegule Python yolembera code ya pakompyuta ayambe wawerengera maulendo 20 pamanja. Palibe njira ina yoposa imeneyi. Code imabisa manambala, kope silibisa. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaletsa laputopu mwezi woyamba wonse wa kosi.

Apa ndiye mtima umandiwawa. Aphunzitsi athu anatitumizira manotsi ambirimbiri pa WhatsApp oyambira masamu a ma derivative, blocking n'kuipatsa mzere umodzi wokha chakumapeto. Ndinafunsa funso, yankho linabwera patatha sabata kuti ndiwerengenso manotsi omwewo. Ndikudziwa kuti ali ndi ophunzira ambiri, koma ife akutali timagula bandulo ndi ndalama yandiwo, masana tili kuntchito, usiku magetsi ndi amwayi. Miyezi itatu yapita pa chinthu choti akanachionetsa pa bolodi mphindi 10.

Nditawerenga kuti Schultz, Dayan ndi Montague mu 1997 anaonetsa kuti maselo a muubongo otulutsa dopamine mwa anyani amachita ngati kusiyana komweku kwa choyembekezeredwa ndi chochitika, kothamanga mphotho ikabwera mosayembekezera, chete ikakhala yodziwika kale, ndinayamba kuganiza kuti lamuloli likufotokoza kuphunzira konse.

Koma dzulo magetsi atayaka ndinaphunzitsa ka network kanga mndandanda umodzi wa mawu, kenako wachiwiri. Nditabwerera ku woyamba ndinapeza kaiwala pafupifupi zonse, vuto lomwe McCloskey ndi Cohen analifotokoza mu 1989. Pamene mwana wa achemwali anga amalankhula Chiyao pakhomo, Chichewa kusukulu, Chingerezi chikulowanso, ndipo palibe chikufafaniza chinzake. Mwina n'chifukwa amazimva mosakaniza tsiku lililonse, pamene ine ndinapereka mndandanda umodzi kenako wina. Ndiyesa kusakaniza Loweruka. Zikatheka, kodi ndiye kuti mwanayo amaphunzira ngati ka network kanga, kapena ndangopeza njira yokanyengerera? Apa sindinafikepo.