Kirediti imodzi inandidikiritsa chaka, koma ndinalowa

Zotsatira za MSCE zitatuluka, ndinali ndi makirediti 5. Masamu ndinapeza 7. Amene munalembapo mayeso a MANEB mukudziwa kuti kirediti imathera pa 6, pomwe 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. Yunivesite imafuna makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi. Ndinatsala pakhomo penipeni.

Mtima wanga unali pa saikoloji, maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, kuyambira pamene malume anadwala matenda a maganizo. Kwathu ku Bembeke anthu ankati alodzedwa, ena ankati ndi chamba. Atapita ku Zomba Mental Hospital anabwerako akulankhula bwinobwino, mpaka lero akulima kachewere wawo. Ndinkafuna kumvetsa chimene madokotala aja anaona, chomwe ife tinalephera kuona.

Mnzanga anandiuza za kosi ya chaka chimodzi yokonzekeretsa ofuna kuphunzira za chikhalidwe cha anthu ndi saikoloji, pa koleji ina ku Lilongwe. Ndisanapereke tambala, ndinayamba ndaona ngati kolejiyo ili pa mndandanda wa sukulu zovomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Inalipo. Kenako ndinakwera minibasi kukafunsa pamaso: kodi satifiketi ya kosiyi ilowa m'malo mwa kirediti yanga yosowayo? Mayi wa mu ofesi sanandinamize. “Ayi achemwali, ife tikukonzekeretsani, koma Masamu mukalembenso.” Funso limeneli musalidumphe, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Ndinaona anzanga awiri akulira kumapeto kwa chaka chifukwa ankayesa kuti kosiyo yatseka dzenjelo.

Choncho ndinayenda njira ziwiri nthawi imodzi: kulembetsanso MSCE, ndi kulowa kosi. Ku koleji anafuna pepala la zotsatira, chiphaso cha unzika, zithunzi ziwiri ndi risiti ya kubanki. Amayi anagulitsa matumba a kachewere pa M1, fizi ya teremu yoyamba inakwana.

Sabata yoyamba aphunzitsi anatichotsa maganizo akuti tidzadziwa kuwerenga mitima ya anthu pongowayang'ana kumaso. Tinayamba ndi akatswiri akale: Pavlov ndi agalu ake omwe ankachucha dovu akangomva chizindikiro cha chakudya, kenako Piaget ndi magawo 4 a kakulidwe ka nzeru za mwana. Patchuthi ndinayesa zimenezi pa mwana wa achemwali anga wa zaka 4. Ndinathira madzi ofanana m'makapu awiri, kenako a m'kapu imodzi ndinawatsanulira m'botolo lalitali lowonda, iye akuona. Anaumirira kuti a m'botolo ndiwo ambiri. Tsiku limenelo ndinakhulupirira kuti za m'mabuku aja zimachitikadi pakhonde pathu. Durkheim ndiye anandikhudza kwambiri. Mu 1897 anaonetsa kuti kudzipha si nkhani ya munthu mmodzi yekha, koma kumayenderana ndi mmene munthu walumikizirana ndi anzake. Ndinaganizira abambo akwathu omwe timawauza kuti mwamuna salira.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti Masamu omwe ndinkawathawa anali kundidikira m'kalasi ya statistics. Saikoloji imayenda ndi manambala: wafunsa anthu angati, unawasankha bwanji, zotsatirazo sizinangochitika mwangozi? Ndinamvetsa kusiyana kwa mean (kuphatikiza manambala onse n'kugawa ndi kuchuluka kwake) ndi median (nambala ya pakati mukawandandalika kuyambira yaing'ono) nditalemba ndalama zomwe amayi 9 ogulitsa limodzi ndi amayi anga anapeza tsiku limodzi. Mmodzi anagulitsa matumba ambiri kwa wa lole, ndipo iye yekhayo anakweza mean kuoneka ngati onse analemera. Median ndiyo inanena zoona. Kuchokera pamenepo Masamu a MSCE anayamba kulowa.

Kulemba nkhani zazitali kunandivuta teremu yonse. Yoyamba inabwezedwa yofiira chifukwa ndinakopera ndime ya m'buku osatchula mwini wake. Ndinaphunzira kutseka buku kaye, ndi kulemba zomwe zatsala m'mutu.

Nditalembanso, Masamu ndinapeza 5. Fomu ya mayunivesite a boma imadzera ku NCHE, ndipo ndinaika University of Malawi ku Zomba patsogolo. Mayina atatuluka ndinali pamsewu ndi amayi, manja ali dothi lokhalokha. Ndinawaonetsa foni, iwo anati, “Ukawauze kaye malume ako.”