Mmene ndinayendera malamulo a sukulu okhudza chakudya chonyamula

Sukulu imene mwana wanga analowa imapereka kwa kholo lililonse chikalata chofotokoza zakudya zimene ana sayenera kubweretsa, ndipo kholo limachisaina pamodzi ndi fomu yolembetsera. Malamulo ake anangondandalikidwa popanda zifukwa: mtedza ndi chiponde n'zoletsedwa, chimodzimodzinso maswiti, zakumwa zoziziritsa kukhosi, mabotolo agalasi ndiponso kugawana chakudya. Lamulo limene munthu sadziwa chifukwa chake limavuta kulisunga, makamaka m'mawa nthawi ikathina, pamene dzanja limangotola chilichonse chimene chili pafupi. Choncho ndisanasaine, ndinapempha kuonana ndi aphunzitsi a kalasi yake kuti andifotokozere.

Pa nkhani ya mtedza aphunzitsiwo anayankha mosapsatira kuti palibe zokambirana. M'kalasimo muli mwana amene mtedza umamuwenga, ngakhale sanamutchule dzina, ndipo anachita bwino kusamutchula. Kuwenga kotere sikuthera pa zidzolo zapakhungu. Kwa ana ena milomo ndi lilime zimatupa, njira ya mpweya imafinyika, kuthamanga kwa magazi kumatsika, ndipo zonsezi zimachitika m'mphindi zochepa. Madokotala amatcha vutoli anaphylaxis, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline woperekedwa nthawi yomweyo. Kachiponde kotsalira pa supuni kapena pa chala, kakafika m'kamwa mwa mwana woteroyo, n'kokwanira kuyambitsa zonsezi. Apa m'pamene ndinamvetsanso lamulo loletsa kugawana, limene poyamba linkandiwawa chifukwa kunyumba mwana timamuphunzitsa kusamana anzake. Ndinamufotokozera kuti angathe kugawana ndi anzake pensulo kapena mpira, koma za m'kakontena kake n'zake yekha, chifukwa chakudya chimene iye amadya bwinobwino chingadwalitse mnzake.

Ntchito yaikulu inapezeka kuti ili pogula. Mtedza umabisala m'mabisiketi, m'chokoleti ndi m'zakudya zina zam'mapaketi zimene dzina lake silitchula mtedza n'komwe, choncho ndinazolowera kutembenuza paketi ndi kuwerenga mndandanda wa zimene zasakanizidwamo. M'munsi mwa mndandandawo nthawi zambiri mumakhala timawu ting'onoting'ono tochenjeza kuti chakudyacho chingakhale ndi tizidutswa ta mtedza chifukwa chapangidwira m'fakitale imene imapanganso zamtedza. Masukulu amasiyana pa zakudya zoterezi, ena amalola pamene ena amakana, motero ndinafunsa ndi kupempha kuti yankho andilembere. Yathu imakana. Mkaka, mazira, nsomba, tirigu, soya ndi chitowe nazonso zimawenga ana ambiri, koma sukulu singaletse zonsezi, apo ayi ana angasowe chodya. N'chifukwa chake pa fomu pali malo oti kholo lilembe zimene zimawenga mwana wake, ndipo amene ali ndi vutoli amapemphedwa kalata ya dokotala.

Chimene chikalatacho sichinanene, koma ndinachifunsa ndekha, n'chakuti chakudya chimasungidwa kuti mpaka nthawi ya nkhomaliro. Yankho linali loti chimakhala m'zikwama, popanda firiji. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola 2, popeza tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira pa kutentha kwa pakati pa madigiri 5 ndi 60 a Celsius. Chakudya cholongedzedwa m'mamawa n'kudyedwa masana chimakhala chapitirira malirewo kutali. Tsopano usiku ndimaumitsa botolo la madzi lapulasitiki mufiriji, ndipo m'mawa ndimaliika pambali pa kakontena m'kachikwama kosunga kuzizira. Pofika masana madziwo amakhala asungunuka ndipo mwana amamwa. Chakudya chotentha chimapita mufulasiki, imene ndimayamba ndathiramo madzi owira kwa mphindi zingapo, kenako n'kuwakhuthula ndisanaikemo chakudyacho. Za galasi sizifuna kufotokoza. Aphunzitsi anaonjezera kuti kwa ana osakwana zaka 5 mphesa zizidulidwa m'litali, chifukwa yathunthu imatha kutseka kukhosi mwana akatsamwa.

Malamulo a shuga ndi amene ali ndi mpata wokambirana. Maziko ake ndi omveka: mu 2015 bungwe lomwe lija linalangiza kuti shuga woonjezera asafike magawo 10 pa 100 alionse a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku, ndipo chitini chimodzi cha mamililita 330 cha chakumwa chotsekemera chimatha kukhala ndi magalamu 35 a shuga. Chinandidabwitsa n'chakuti sukulu imalola juwisi wa zipatso, chonsecho malangizo omwewo amawerengera shuga wa mujuwisi m'gulu lomwelo. Ine ndinasankha madzi basi. Mwana wa matenda a shuga, amene amafunika kukhala ndi chotsekemera pafupi shuga akatsika, amapatsidwa chilolezo chapadera kudzera kwa mphunzitsi wamkulu.

Ndime imodzi yokha ndi imene ndinaitsutsa, yonena kuti chakudya choletsedwa chidzalandidwa. Mwana wamng'ono sagula chakudya ndipo sadzilongedzera, choncho kumulanda pamaso pa anzake ndi kumusiya ndi njala n'kulanga munthu wosalakwa. Ndinapempha kuti, kupatula zamtedza zimene ziyenera kuchotsedwa nthawi yomweyo, aphunzitsi azibweza chinthucho m'chikwama mwakachetechete pamodzi ndi kakalata kopita kwa ine. Mphunzitsi wamkulu anavomera, analemba zimenezi m'mphepete mwa chikalatacho, ndipo pamenepo ndinasaina. Anandichenjezanso kuti mndandandawo umasintha ana atsopano akalowa, kotero ndiyenera kupempha watsopano chaka chilichonse cha sukulu chikamayamba.