Mabotolo a mavitamini ndi funso limene ndimafunsa ogulitsa

Pagulu lililonse la WhatsApp limene ndilimo, kaya ndi la kumpingo, la banki m'khonde kapena la makolo a kusukulu, simulephera kupezeka munthu wogulitsa mabotolo a mavitamini kapena ufa wa chammwamba. Amati zimatsuka magazi, zimatsitsa shuga, zimalimbitsa chitetezo cha m'thupi. Ukafunsa umboni amakutumizira mawu ojambula a mayi wina akunena kuti miyendo inali yotupa koma pano akulima okha kudimba.

Mayi wotere sindimutsutsa. N'kutheka kuti akupezadi bwino. Chimene ndimafunsa n'chakuti: nanga ena amene anamwa botolo lomwelo osaona kusintha kulikonse ali kuti? Amenewo sajambula mawu awo. Komanso matenda ambiri amakwera ndi kutsika okha, ndipo munthu amathamangira botolo tsiku limene wathinidwa kwambiri. Sabata yotsatira ululu ukachepa, ulemu umapita kwa botolo, chonsecho mwina akumwanso mankhwala a kuchipatala nthawi yomweyo.

Nkhani imene inandikhazikitsa pansi pa zimenezi ndi ya beta-carotene, chinthu chimene chimapangitsa karoti, maungu ndi mbatata ya kholowa yofiira m'kati kukhala ndi mtundu wake uja. Ofufuza anaona kuti anthu odya kwambiri ndiwo zamasamba ndi zipatso sadwaladwala khansa ya m'mapapo. Maganizo anali omveka ndithu: tichotse chinthucho m'zakudya, tichiike m'kapisozi, osuta fodya atetezeke. Madokotala ambiri anakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse.

Ku Finland anatenga amuna osuta fodya okwana 29,133, a zaka 50 mpaka 69, n'kuwagawa mwa maere. Ena ankamwa beta-carotene tsiku ndi tsiku, ena ankamwa kapisozi wooneka chimodzimodzi koma wopanda mankhwala, ndipo palibe ankadziwa gulu limene alimo. Zotsatira zinatuluka mu 1994. Khansa ya m'mapapo inachuluka ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa beta-carotene. Kafukufuku wina wa ku America wotchedwa CARET, wa anthu 18,314 osuta fodya ndi ogwira ntchito za asibesito, anamuimitsa mu 1996 nthawi yake isanakwane, chifukwa kumeneko khansa inakwera ndi 28 peresenti.

Ganizirani bambo mmodzi wa ku Finland m'gulu limenelo. Mukanamufunsa, akanati akumva bwino, ndipo sakananama. Vuto linaoneka pokhapokha atawerenga odwala m'magulu awiri aja n'kuyerekeza. Karoti analibe mlandu. Anthu odya masamba ambiri amasiyana ndi anzawo pa zinthu zambiri, kuyambira pa fodya mpaka pa ndalama za m'thumba, ndipo kapisozi wa chinthu chimodzi pa mlingo waukulu si mbale ya ndiwo.

Pamenepa ena amafulumira kunena kuti ndiye mavitamini onse ndi chinyengo. Ayi. Pitani kusikelo ya ana mukaone mlangizi wa zaumoyo atagwira kapisozi wa vitamini A, wabuluu kwa mwana wa miyezi 6 mpaka 11, wofiira kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu. Amadula kansonga kake ndi sizasi, mayi atagwira mwana m'masaya, n'kufinyira timadontho ta mafuta m'kamwa. Mwana amakwinya nkhope, mlangizi amalemba m'kabuku, basi zatha mpaka patapita miyezi isanu ndi umodzi. Kapisozi ameneyu ali ndi mbiri yake. Dokotala wa maso, Alfred Sommer, anachita kafukufuku m'midzi 450 ya ku Aceh ku Indonesia, midzi ina ikulandira vitamini A, ina ayi. Mu 1986 anasonyeza kuti imfa za ana zinachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu m'midzi yolandira. Ambiri sanakhulupirire, choncho anabwereza m'maiko ena monga Nepal ndi Ghana, ndipo imfa zinachepanso.

Beta-carotene ndi vitamini A ndi pachibale, thupi limasandutsa woyambayo kukhala wachiwiriyo. Koma ana a ku Aceh anali operewera vitaminiyo m'thupi, pamene amuna a ku Finland ankadya mokwanira ndipo mapapo awo anali atapsa kale ndi utsi. Ndiye ndikamva kuti "kafukufuku watsimikiza", ndimafuna kudziwa kuti anayesa pa yani. Pa mbewa kodi? M'kabotolo ka mu labotale? Pa anthu angati, ndipo anawayerekeza ndi ndani? Nanga ndalama za kafukufukuyo anapereka ndi amene akugulitsa botololo?

Zina zimene timalandira kwaulere kuchipatala zinadutsa m'mayeso oterewa. Folic acid amene ali m'mapiritsi owonjezera magazi a amayi oyembekezera anayesedwa ndi bungwe lofufuza za umoyo la Medical Research Council la ku Britain, ndipo mu 1991 zinaoneka kuti amachepetsa ndi 72 peresenti kubadwanso kwa ana olumala msana ndi ubongo mwa amayi amene anaberekapo mwana wotero. Chiponde cha ana onyentchera chinayesedwa konkuno kwathu, ndipo dokotala Mark Manary ndi anzake anaonetsa kuti ana ambiri amachira akudyera kunyumba. Zimandiwawa kuona mayi akusiya mapiritsi a kusikelo m'kabati chifukwa amamuchititsa nseru, koma n'kukongola ndalama kubanki m'khonde kuti agule botolo lochokera kunja limene palibe analiyesapo.

Za chammwamba ndilibe nacho chifukwa. Masamba ake ndi ndiwo zabwino, ndipo ine ndimathira mu phala la ana. Kungoti kukhala ndiwo zabwino ndi nkhani ina, kuchiza shuga ndi nkhani inanso.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi pamene botolo lalowa m'malo mwa mankhwala. Ku South Africa, Matthias Rath wa ku Germany ankagawa mavitamini ake ku Khayelitsha n'kumauza anthu kuti ma ARV ndi poizoni, pa nthawi imene nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang inkalimbikitsa adyo, mandimu ndi bitiruti. Gulu lomenyera ufulu wa anthu amene ali ndi HIV la Treatment Action Campaign linapita kukhoti, ndipo mu 2008 khoti lalikulu ku Cape Town linaletsa zoyesa zake pa anthu. Chaka chomwecho ofufuza a ku yunivesite ya Harvard ku America anawerengera kuti kuchedwa kwa boma kupereka ma ARV kunataya miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005.

Ngakhale osasiya mankhwala, zina zimalimbana m'thupi. Chitsamba cha St John's wort chimachepetsa mphamvu ya ma ARV ena komanso mapiritsi olera. Azakhali anga amamwa mankhwala a BP, ndipo mwezi watha anandionetsa mabotolo awiri amene anagula kwa mnzawo wa kumvano. Ndinawauza kuti, "Azakhali, a kuchipatala aja musadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Awa muwaike m'chikwama pamodzi ndi buku lanu, Lachinayi tikawaonetse adokotala awerenge zimene zalembedwa kumbuyoku musanatsegule."