Mbuzi ya mwezi wa 13

Ndinayamba ntchito pa 1 Ogasiti 2024, pa holoselo ina ya zipangizo zomangira nyumba ku Limbe. Tsikuli mulisunge, chifukwa ine ndinaliiwala, ndipo ndi limene linadzandigwetsa chagada.

Sabata yoyamba yomweyo, tili pachiwaya masana, mnzanga wina wokhalitsa pakampanipo anandinong'oneza, mafuta ali noninoni kukamwa: "Aise, pano malipiro ndi owawa, koma Disembala timaseka. Kumabwera 13th cheque." Ndinafunsa kuti n'chiyani chimenecho. Iye anati ndi malipiro a mwezi umene kulibe pa kalendala, abwana amangoupeka okha, n'kukulipira.

Sindinafunsenso china. Malipiro anga onse anali K420,000, ndiye m'mutu mwanga ndinalemba K420,000 ina, yathunthu, yosadulidwa ngakhale tambala. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayenda ngati munthu amene ali ndi ng'ombe kumudzi. Ndikakwera minibasi ya ku Bangwe, kondakitala akachedwa ndi chenji, ndinkangomusiya. Munthu wa miyezi 13 angalimbane ndi mwana wa miyezi 12?

Mu Novembala ndinatenga adivansi ya K60,000. Ina ndinagulira mpunga wa Kilombero ndi mafuta ophikira, ina ndinatumiza pa Airtel Money kwa apongozi ku Thyolo kuti ikhale thiransipoti. Ndinawauza mayi a kunyumba kuti chaka chino Khirisimasi makolo adzadyera kwathu, ndipo sipadzaoneka nkhuku ya m'firiji, koma mbuzi. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Abambo, ndalamayo mwaiona?"

"Ikubwera."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ndi wa mphepo."

Ndinawayankha kuti miyambi ija inapekedwa anthu asanayambe kugwira ntchito m'makampani.

Mbuziyo inachokera ku Chikwawa. Mlamu wake wa mnzanga uja amachita geni ya mbuzi, ndipo anavomera kundipatsa pangongole ya K95,000, kulipira tikalandira. Inafika pa 14 Disembala itamangidwa pa kabaza, tonde wakuda wa ndevu ngati mkulu wa mpingo, fungo lake lofika pamsewu. Tinaimangirira pa mtengo wa mapeyala pakati pa nyumba zalendi zimene timakhala. Ana a pamalopo anaitcha dzina loti Bonasi. Usiku inkalira ngati ikudziwa zinthu zimene ine sindinkadziwa, koma masana inkadumphadumpha, ine n'kumaseka nayo. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pamenepa wokondwa kwambiri anali ine.

Lachisanu pa 20 Disembala foni inalira kawiri. Uthenga woyamba unali malipiro a masiku onse. Wachiwiri ndinautsegula nditaimirira pakati pa matumba a simenti, nditakonza kale nkhope yachisangalalo.

K31,500.

Ndinawerenganso. Ndinapukuta galasi la foni ndi malaya. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso, poganiza kuti mwina netiweki yadula uthenga pakati. Kenaka ndinapeza yankho londikhazika mtima pansi: ziro mmodzi wagwa. Imayenera kukhala K315,000. Inde inali yoperewerabe, koma munthu ukhoza kukhululuka.

Ndinakwera masitepe opita ku ofesi ya akauntanti ndili ndi ukali wa munthu woberedwa. Kumeneko kumakhala mayi ena achikulire, ovala magalasi a chingwe, amene sakweza mawu ngakhale denga litagwa.

"Mayi, pepani, kompyuta yanu yameza ziro wanga."

"Khalani pansi, achimwene. Munayamba liti ntchito?"

"Ogasiti."

"Werengani ndi zala."

Ndinawerenga. Ogasiti, Seputembala, Okutobala, Novembala, Disembala. Zala zinakwana dzanja limodzi, linalo linangokhala pa bondo lopanda ntchito.

Anatenga kakyuleta yaikulu ngati njerwa n'kuyamba kundisenda pang'onopang'ono ngati chinangwa. Choyamba, anati, cheke cha 13 pano chimawerengedwa pa basic yokha, ndipo basic yanga inali K300,000. K120,000 inayo ndi alawansi ya nyumba, siilowa. Chachiwiri, wagwira miyezi isanu amalandira magawo asanu mwa magawo 12. Kakyuleta inati K125,000. Ndinamva m'mimba kutembenuka, komabe ndinadzilimbitsa kuti mbuzi ilipidwa, chenji n'kutsala.

"Tsopano a MRA," anatero, kunena bungwe la boma lotolera misonkho.

"A MRA akudziwa bwanji za bonasi yanga?"

Apa ndi pamene anavula magalasi. Anandifotokozera kuti bonasi ndi malipiro ngati ena onse, PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, imadya. Nthawi imeneyo K150,000 yoyamba inali yopanda msonkho, kuchoka apo kufika K500,000 ankadula 25 pa 100 iliyonse, kupitirira apo 30. Chigawo chopanda msonkhocho malipiro anga a mwezi anali atachidya kale, ndiye bonasi inakhala pamwamba penipeni, pamene mpeni uli wakuthwa. K80,000 inadulidwa pa 25, K45,000 yotsalayo inadutsa mzere n'kudulidwa pa 30. Msonkho wonse K33,500. Moyo wanga wonse sindinalowepo m'gulu la anthu olemera odulidwa 30, ndipo tsiku limene ndinalowamo ndi limene ndinasauka.

Panatsala K91,500. Mayi aja anatsegula faelo n'kutulutsa kapepala kokhala ndi siginecha yanga, yokongola, yopindapinda, ya munthu wodzidalira.

"Adivansi ya Novembala. Munalemba nokha kuti tidzadule pa bonasi."

Kakyuleta inati K31,500. Ziro sanagwe. Anali asanakhalepo n'komwe.

Munthu akamamira amagwira ndi udzu womwe. Ndinaimirira n'kunena kuti ndikadandaula, chifukwa lamulo limati wantchito aliyense alandire malipiro athunthu a mwezi wa 13. Anandifunsa modekha kuti lamulo lake liti. Ndinati la boma. Anati lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 analiwerenga kangapo, muli za tchuthi, za maola owonjezera, za notisi, za ndalama ya munthu wochotsedwa ntchito, koma mwezi wa 13 mulibemo. Kuno chimenechi chimachokera mu kontirakiti kapena pa mgwirizano wa abwana ndi antchito. Chikalembedwa ndi ngongole ya abwana, chikapanda kulembedwa ndi chifundo chawo.

"Mukafuna cha lamulo, pitani ku Philippines. Kumeneko ndi lamulo kuyambira 1975, ndipo bwana amayenera kulipira pofika pa 24 Disembala." Anabwezeretsa magalasi. "Koma nakonso amawerenga miyezi imene wagwira, ndipo amawerengera pa basic. Mukanangoononga ndalama ya ndege."

Pondipepesa anandiuza chimene lamulo linandisungiradi: ife ogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata tili ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pachaka, ndiye pa miyezi yanga isanu ndinali nditasonkhanitsa masiku 7 ndi theka. Ndinafunsa ngati mwini mbuzi angalandire masiku. Sanaseke. Anangoti ndikawerenge tsamba lachitatu la kontirakiti yanga, zonse zili pamenepo.

Kunyumba ndinafika mwakachetechete ngati mlendo. Kontirakiti ndinaipeza pansi pa sutikesi, mu envulopu yomwe ija anandipatsira mu Ogasiti, yosatsegulidwanso chisainireni. Ndinakhala pakhonde, n'kufika pa tsamba lachitatu, n'kuona mutu woti bonasi. Ndisanawerenge mzere woyamba ndinamva mawu a alandilodi kuseri kwa nyumba, akuitana dzina langa lonse, ndi la bambo anga lomwe.

Alandilodi athu ali ndi kamunda ka chimanga kuseri kwa bafa, mizere isanu ndi umodzi, kamene amakakonda kuposa alendi. Chimangacho chinali chofika m'mawondo, chobiriwira bii, atathira kale feteleza wogula modula. Ndinapeza mizere itatu yasanduka ziputu. Bonasi anali atadula chingwe masana. Anandiwerengera phesi lililonse ngati maliro, n'kumaliza ndi mawu akuti: "K30,000, apo ayi Januwale mupeze kwina."

Ndikubwerera pakhonde ndikuwerenga m'mutu kuti 31,500 kuchotsa 30,000, ndinapeza tonde uja ataimirira pa mpando wanga. Envulopu inali pansi. Tsamba loyamba ndi lachiwiri zinalipo. Lachitatu linali likulowa m'kamwa mwake pang'onopang'ono, iye akutafuna modekha, akundiyang'ana ndi maso a akauntanti aja. Ndinakoka, ndinatsala ndi kachidutswa kolembedwa nambala ya tsamba. Mpaka lero, pa nyumba yathu amene anaimaliza ndime ya bonasi ija ndi mbuzi.

Usiku umenewo ndinaulula zonse. Mayi a kunyumba sanabwereze mwambi wa fodya uja, ndipo kusaubwerezako kunawawa kuposa kuubwereza. Anangofunsa kuti mwini mbuzi akufuna zingati, n'kutenga kope la mwana ndi pensulo. M'mawa anazungulira nyumba zonse za pamalopo ndi za kutsidya kwa msewu, kulemba maina a ofuna nyama ya Khirisimasi. Pofika madzulo mbuzi yonse inali itagulidwa ikuyendabe: miyendo yam'mbuyo kwa aphunzitsi, nthiti kwa amayi ogulitsa mandasi, chiwindi kwa alandilodi omwewo, amene anakana kuchotserako pa ngongole ya chimanga. Ndalama inakwana K95,000 ndendende titagulitsa ndi chikopa chomwe.

Apongozi anafika pa 23, atanyamula nthochi ndi chinanazi, atauza kale mudzi wonse kuti mkamwini wawo wa ku Limbe wagula mbuzi. Anaiona ili moyo, anaisisita pamsana, anayamikira kunenepa kwake. Pa 24 m'mamawa tinaipha, ndipo anthu anayamba kubwera ndi mabeseni mmodzimmodzi. Ine ndinkangoti ndi chizolowezi cha m'tauni, timagawana ndi anansi. Potsuka matumbo, mayi a kunyumba anapeza kawaya kakang'ono komangira mapepala, n'kundiikira m'dzanja osanena kanthu.

Pa tsiku la Khirisimasi mpunga wa Kilombero unanunkhira bwino ndithu. K1,500 yanga yotsala ndinagulira tomato ndi anyezi. Apongozi aamuna anasamba m'manja, anapemphera pemphero lalitali lothokoza Mulungu chifukwa cha ntchito ya mkamwini, kenaka anavundukula mbale ya ndiwo. Munali mutu. Anavundukula ina. Munali mapazi anayi ndi matumbo pang'ono. Anayang'ana pansi pa tebulo ngati mwina pali mbale yachitatu, kenaka anatembenukira kwa mwana wawo, poti ine sakanandifunsa mwachindunji.

"Mayi, mbuzi za m'tauni muno zimakhala chonchi? Mutu ndi mapazi basi, pakati palibe?"

Mayi a kunyumba anawathirira Sobo m'kapu.

"Pakati padya msonkho, bambo."